Chitetezo cha Wogula ndi Khadi la Ngongole: Kodi Banki Imabweza Liti Ndalama, Nanga pa Chifukwa Chanji?

Pa 23 Sepitembala 2019 kampani yokonza maulendo ya Thomas Cook, yomwe mbiri yake inayamba mu 1841, inagwa usiku umodzi, ndipo anthu pafupifupi 150,000 a ku Britain amene anali kunja kwa dziko lawo anachita kukatengedwa ndi ndege zimene boma linakonza. Panalinso gulu lina lalikulu limene silinaonekere kwambiri pa nkhani, la anthu amene anali atalipira kale maulendo awo koma asananyamuke. Amene anagula ulendo wathunthu, ndege ndi hotela pamodzi, anali otetezedwa ndi ATOL, ndondomeko ya ku Britain yobwezera apaulendo ndalama kampani yokonza maulendo ikagwa. Ambiri mwa amene anagula tikiti ya ndege yokha anauzidwa kuti apite ku banki yawo, ndipo kumeneko funso loyamba linali lakuti, kodi munalipira ndi khadi lanji?

Funso limeneli limadabwitsa anthu ambiri, chifukwa makhadi onse amaoneka ofanana, amalowa m'makina omwewo ndipo nthawi zambiri amakhala ndi chizindikiro chimodzimodzi cha Visa kapena Mastercard. Ena amakhulupirira kuti banki imabweza ndalama nthawi iliyonse munthu akalipira ndi khadi zinthu n'kusokonekera, pamene ena amaganiza kuti ndalama ikachoka yachoka basi. Magulu onse awiriwa amalakwitsa. Chitetezo cha wogula ndi khadi chimachokera ku magwero atatu osiyana, ndipo kuti munthu adziwe chimene chikumukhudza ayenera kudziwa dziko limene khadi lake linaperekedwa, mtundu wa khadilo, ndiponso njira imene ndalama inadutsa kuti ikafike kwa wogulitsa.

Ndalama ya ndani imene imalipira?

Khadi la debit limatenga ndalama zimene munthu ali nazo kale mu akaunti yake, choncho banki imangokhala ngati wantchito wotumidwa kukapereka ndalama za mwini wake. Khadi la ngongole, limene ena amalitcha kirediti kadi, ndi losiyana: banki ndi imene imalipira wogulitsa ndi ndalama zake, kenako mwini khadi amadzabweza ngongoleyo, kaya yonse pakutha pa mwezi kapena pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja. Kusiyana kumeneku ndiko maziko a nkhani yonse. Pamene banki yabwereketsa ndalama kuti malonda ena achitike, malamulo a mayiko ena amaiona ngati yatenga nawo mbali pa malondawo, ndipo wotenga mbali sangathawe zinthu zikavuta.

Pa malonda amodzi a khadi pamakhala anthu kapena mabungwe anayi, ngakhale wogula amangoona awiri. Pali wogula, pali banki imene inamupatsa khadi, pali wogulitsa, ndipo pali banki ya wogulitsayo imene imamulandirira ndalama za makhadi. Pakati pa mabanki awiriwa pamakhala kampani ngati Visa kapena Mastercard, yomwe sibwereketsa ndalama kwa aliyense koma imayendetsa njira imene malipiro amadutsamo ndi kukhazikitsa malamulo amene mabanki onse olowa m'njirayo amavomera kutsata. Kampani ina ya makhadi, American Express, nthawi zambiri imagwira yokha ntchito zingapo mwa zimenezi.

Gwero loyamba: lamulo lomanga banki ndi wogulitsa pamodzi

Chitetezo champhamvu kwambiri chodziwika bwino chili ku Britain, mu gawo 75 la lamulo lotchedwa Consumer Credit Act la mu 1974. Lamuloli linabwera pambuyo pa lipoti la komiti imene inatsogoleredwa ndi Lord Crowther, lomwe linatuluka mu 1971, nthawi imene makhadi a ngongole anali achilendo m'dzikolo, pakuti Barclaycard, khadi loyamba la mtunduwu kumeneko, linali litangoyamba mu 1966. Maganizo a komitiyo anali akuti wobwereketsa ndi wogulitsa amene amagwirira ntchito pamodzi ali pa malonda amodzi: wogulitsa amapeza makasitomala amene sakanatha kulipira nthawi yomweyo, ndipo wobwereketsa amapeza phindu pa ngongole. Komanso wobwereketsa ali ndi mphamvu zosankha ogulitsa amene angagwire nawo ntchito ndi kusiya achinyengo, mphamvu zimene wogula mmodzi payekha alibe.

Gawo 75 limanena kuti ngati wogulitsa waphwanya mgwirizano kapena wanamiza wogula pa zimene akugulitsa, wogulayo ali ndi ufulu wofuna kwa banki chilichonse chimene akanafuna kwa wogulitsa. Banki ndi wogulitsa amasenza mlanduwo limodzi, ndipo aliyense wa iwo akhoza kulipiritsidwa ndalama zonse payekha. Zili ngati anthu awiri amene asainira ngongole imodzi: mwini ndalama ali ndi ufulu wopita kwa amene wamufuna, ndipo wopezekayo sangakane ponena kuti ayambe wafunsidwa mnzake. Pa chifukwa chimenechi lamulo silikakamiza wogula kuti ayambe wasumira wogulitsa kapena kudikira kuti kampaniyo igwe, ngakhale kuti kuyamba kukambirana ndi wogulitsa nthawi zambiri ndiyo njira yachidule. Banki ikalipira, lamulo lomweli limaipatsa ufulu wokatenga ndalamazo kwa wogulitsa, ngati wogulitsayo akadalipo.

Kuphwanya mgwirizano kumatanthauza zinthu monga katundu wosafika, katundu wowonongeka kapena wosagwira ntchito imene anagulira, kapenanso ntchito yolipiridwa koma yosachitika kapena yochitika mosalongosoka. Kunamiza ndi pamene wogulitsa wanena chinthu chabodza chimene chinachititsa munthu kugula. Kungosintha maganizo chabe sikulowa m'gulu limeneli: munthu amene wagula mpando wabwinobwino, n'kufika nawo kunyumba n'kuona kuti mtundu wake sukumusangalatsa, alibe mlandu ndi banki.

Malire a ndalama ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Mtengo wa chinthu chimodzi uyenera kupitirira mapaundi 100 koma usapitirire mapaundi 30,000. Mawu akuti chinthu chimodzi ndi ofunika, chifukwa munthu amene wagula zinthu zitatu za mapaundi 40 chilichonse walipira mapaundi 120 koma palibe chimene chadutsa malire, ndipo chinthu cha mapaundi 100 ndendende nachonso sichinadutse. Kumbali ina, chimene lamulo limayang'ana ndi mtengo wa katunduyo, osati ndalama zimene zinadutsa pa khadi. Tiyerekeze kuti munthu wagula galimoto ya mapaundi 9,000, walipira mapaundi 200 ndi khadi la ngongole ngati dipoziti, zotsalazo n'kutumiza kuchokera mu akaunti yake. Ngati wogulitsa sapereka galimotoyo, banki ya khadi ikhoza kulipiritsidwa mapaundi 9,000 onse, ngakhale inangobwereketsa 200. Apa ndi pamene lamuloli limaoneka lolemera kwambiri kwa mabanki, ndipo mpake kuti amalidandaula.

Komanso popeza wogula amafuna kwa banki chimene khoti likanamupatsa kuchokera kwa wogulitsa, ndalamazo zikhoza kuposa mtengo wa katundu. Munthu amene kampani ya ndege yamugwera ali kunja, n'kugula tikiti ina yodula kuti abwerere kwawo, akhoza kufuna kuti banki ilipire ndalama zowonjezerazo, malinga ngati anachita zinthu mwanzeru kuti asawononge ndalama zambiri mosafunikira. Ufulu umenewu sutha munthu akamaliza kubweza ngongole kapena akatseka khadi, ndipo lamulo limanena mosabisa kuti umagwira ntchito ngakhale mwini khadi atapitirira malire a ngongole imene analoledwa. Nthawi yokasuma ndi zaka zisanu ndi chimodzi ku England ndi Wales, ndipo ku Scotland ndi zaka zisanu.

Kwa zaka zambiri mabanki ankanena kuti lamuloli silikhudza zinthu zogulidwa kunja kwa Britain, ponena kuti sangathe kuyang'anira ogulitsa a m'mayiko ena amene sanawaonepo. Bungwe la boma limene linkateteza ogula, Office of Fair Trading, linatengera nkhaniyi kukhoti motsutsana ndi Lloyds TSB, Tesco Personal Finance ndi American Express. Khoti loyamba linagamula mokomera mabanki mu 2004, khoti la apilo linasintha chigamulocho mu 2006, ndipo mu Okutobala 2007 oweruza a House of Lords, amene pa nthawiyo anali bwalo lalikulu kwambiri m'dzikolo, anatsimikiza kuti gawo 75 limateteza mwini khadi ngakhale atagula kunja. Mlandu womwewu unakhazikitsanso mfundo yakuti kupezeka kwa banki ya wogulitsa pakati sikudula ubale wa banki ya wogula ndi wogulitsayo.

Pamene chingwe chimaduka

Lamuloli limafuna kuti pakhale chingwe cholumikiza anthu atatu: wobwereka, wobwereketsa ndi wogulitsa. Munthu amene wabwereka ndalama ayenera kukhala yemweyo amene wachita mgwirizano ndi wogulitsa, ndipo wogulitsayo ayenera kukhala amene walandira malipiro a khadi pansi pa dongosolo limene lilipo kale pakati pa iye ndi mabanki. Mikangano yambiri ya masiku ano imabuka pomwepa, chifukwa mu 1974 panalibe amene ankaganiza za misika ya pa intaneti ndi makampani oima pakati pa malipiro.

Munthu akatenga ndalama pa makina a ATM ndi khadi la ngongole n'kukagulira katundu, chingwe chaduka, pakuti wogulitsa walandira ndalama za pamanja zimene banki sikudziwa kumene zapita. Akaika ndalama mu akaunti ya kampani ngati PayPal kuchokera pa khadi, kenako n'kulipira wogulitsa kuchokera mu akauntiyo, banki ikhoza kunena kuti amene inamulipira ndi PayPal ndipo PayPal yachita ntchito yake yotumiza ndalama popanda cholakwa. Akagula tikiti kudzera kwa ajenti wa maulendo, amene walandira ndalama ndi ajentiyo pamene woyenera kumunyamula ndi kampani ya ndege, ndipo ngati ajenti anachita zonse zimene analonjeza, n'kovuta kupeza mgwirizano umene waphwanyidwa ndi wolandira malipiro. Misika ya pa intaneti imene imagulitsa katundu wa amalonda ena ili ndi vuto lofananalo. Pa milandu yotereyi zotsatira zake zimadalira tsatanetsatane wa momwe ndalama inayendera, ndipo anthu awiri amene anagula chinthu chofanana pa tsiku limodzi akhoza kulandira mayankho osiyana.

Palinso vuto la khadi lachiwiri, limene mwini akaunti amatengera mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake. Wobwereka pamaso pa lamulo ndi mwini akauntiyo, choncho wogwiritsa khadi lachiwiri akagula chinthu cha iye yekha, wobwereka ndi wogula amakhala anthu awiri osiyana ndipo chitetezo chikhoza kusowa, pokhapokha zitaoneka kuti anagula m'malo mwa mwini akaunti kapena kuti chinthucho n'chothandiza onse. Makampani olembetsedwa ngati anthu paokha pamaso pa lamulo satetezedwa ndi gawoli, ndipo khadi la debit silikhudzidwa n'komwe, pakuti palibe ngongole imene yaperekedwa.

Njira ya ku America: kukana kulipira

Dziko la United States linakhazikitsa lamulo lake m'chaka chomwecho cha 1974, lotchedwa Fair Credit Billing Act, lomwe linawonjezera pa lamulo la Truth in Lending Act la mu 1968. Anthu a ku America anali ataona kale mavuto a makhadi, pakuti pamene Bank of America inayamba BankAmericard mu 1958 ku Fresno m'chigawo cha California, khadi limene pambuyo pake linadzakhala Visa, inkangotumiza makhadi kwa anthu amene sanawapemphe, ndipo mabanki ena anatengera khalidwe limeneli mpaka lamulo linaletsa mu 1970.

Lamulo la ku America limayambira pa sitetimenti, kalata ya mwezi ndi mwezi yosonyeza ndalama zimene banki ikufuna. Ngati pa sitetimentiyo pali cholakwika, monga malipiro amene mwini khadi sanavomereze, ndalama zolembedwa molakwika, kapena katundu amene sanafike monga anagwirizanirana, mwini khadi ayenera kulembera banki kalata imene ifike pasanathe masiku 60 kuchokera pamene sitetimentiyo inatumizidwa. Banki iyenera kuvomereza kuti yalandira kalatayo pasanathe masiku 30, ndi kumaliza kufufuza isanatulutse masitetimenti awiri athunthu, koma osapitirira masiku 90. Pa nthawi yonseyi mwini khadi ali ndi ufulu wosalipira ndalama zimene akutsutsazo, ndipo banki siloledwa kumulembetsa ngati munthu wolephera kubweza ngongole chifukwa cha ndalamazo.

Katundu akafika koma ali wosalongosoka, nkhaniyo siiwerengedwa ngati cholakwika cha pa sitetimenti, ndipo imagwa pansi pa mfundo ina imene imalola mwini khadi kugwiritsa ntchito kwa banki zifukwa zimene akanakanira kulipira wogulitsa. Mfundoyi ili ndi malire atatu: mtengo upitirire madola 50, munthuyo akhale atayesa moona mtima kukambirana ndi wogulitsa, ndipo malondawo akhale atachitikira m'chigawo chimene amakhala kapena pamtunda wosapitirira mamailosi 100, omwe ndi makilomita pafupifupi 160, kuchokera pa adiresi yake. Malire a mtunda amaoneka achikale pa nthawi ino ya intaneti, ndipo funso lakuti malonda a pa kompyuta achitikira kuti limayankhidwa motsatira malamulo a chigawo chilichonse.

Kusiyana kwakukulu ndi Britain n'kwakuti ku America ufuluwu umangokhudza ndalama zimene munthu sanabwezebe pa malondawo. Wabweza zonse mwachangu wataya chida chake, pamene ku Britain wabweza zonse ufulu wake umakhalapobe ndipo akhoza kufunanso chipukuta misozi. Lamulo la ku America ndi chishango chokanira kulipira, pamene la ku Britain limalola wogula kupita patsogolo kukafuna ndalama.

Gwero lachiwiri: khadi likagwiritsidwa ntchito ndi akuba

Nkhani ya malipiro amene mwini khadi sanavomereze ili payokha, chifukwa apa palibe mgwirizano ndi wogulitsa aliyense. Ku United States mwini khadi la ngongole sangalipiritsidwe ndalama zoposa madola 50 khadi lake likagwiritsidwa ntchito ndi akuba, ndipo akanena kuti latayika asanaligwiritse ntchito salipira kanthu. Khadi la debit lili pansi pa lamulo lina, Electronic Fund Transfer Act la mu 1978, pomwe malire amakwera munthu akachedwa: madola 50 akanena pasanathe masiku awiri a ntchito atadziwa kuti khadi latayika, madola 500 akachedwerapo, ndipo akhoza kutaya zambiri kuposa pamenepo akapitirira masiku 60 sitetimenti itatuluka.

M'mayiko a European Union, lamulo la malipiro lotchedwa PSD2, limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018, linatsitsa malire amenewa kufika pa mayuro 50, ndipo limafuna kuti banki ibweze ndalama zobedwa lisanathe tsiku la ntchito lotsatira itauzidwa. Mwini khadi ali ndi miyezi 13 yoti anene, ngakhale ayenera kutero msanga akangozindikira. Ku Britain malire ofanana nawo ndi mapaundi 35. Lamulo la PSD2 ndi limenenso linabweretsa dongosolo lakuti wolipira pa intaneti atsimikizire kuti ndi iyeyo pogwiritsa ntchito zinthu ziwiri zosiyana, monga foni yake ndi nambala yachinsinsi kapena chidindo cha chala.

Vuto lenileni pa nkhaniyi lili pa mawu akuti kuvomereza. Wakuba akatenga nambala za khadi n'kugulira yekha katundu, malipirowo ndi osavomerezeka ndipo lamulo lili kumbali ya mwini khadi. Koma kathyali akamunyengerera munthu mpaka iye mwini n'kulipira ndi kutsimikizira pa foni yake, banki ikhoza kunena kuti malipirowo anavomerezedwa, ndipo munthuyo ayenera kufuna chithandizo kudzera njira ina, monga yakuti ananamizidwa kapena kuti katundu sanafike.

Gwero lachitatu: chargeback

Anthu ambiri padziko lonse amene anabwezeredwapo ndalama za khadi anathandizidwa ndi njira yotchedwa chargeback, kutanthauza kubweza malipiro m'mbuyo kudzera njira yomwe anadzera. Chargeback si lamulo lopangidwa ndi boma. Ndi mbali ya malamulo amene Visa, Mastercard ndi American Express anakhazikitsira mabanki ndi amalonda amene amagwiritsa ntchito njira zawo, ndipo n'chifukwa chake imapezeka pafupifupi kulikonse kumene makhadiwa amagwira ntchito, pa makhadi a ngongole ndi a debit omwe.

Mwini khadi amadandaula ku banki yake, ndipo bankiyo ikaona kuti dandaulo likugwirizana ndi chimodzi mwa zifukwa zololedwa, monga katundu wosafika, katundu wosiyana ndi amene anafotokozedwa, kulipiritsidwa kawiri kapena ndalama zimene wogulitsa analonjeza kubweza koma sanabweze, imatumiza pempho ku banki ya wogulitsa. Ndalama zimachotsedwa kwa wogulitsayo, yemwe amapatsidwa mpata wotsutsa ndi umboni, mwachitsanzo chikalata chosonyeza kuti katundu analandiridwa. Mabanki awiriwa akalephera kugwirizana, kampani ya khadi ndi imene imagamula. Pa zifukwa zambiri nthawi yodandaula ndi masiku pafupifupi 120, kuwerengera kuchokera pa tsiku la malipiro kapena tsiku limene katundu ankayenera kufika.

Ubwino wa chargeback ndi wakuti ilibe malire a mapaundi 100 ndiponso siitenga nthawi yaitali. Kuipa kwake n'kwakuti imangobweza ndalama zimene zinadutsa pa khadi, popanda chowonjezera chilichonse, ndipo ndalama zimene banki yaika mu akaunti poyamba zikhoza kuchotsedwanso wogulitsa akapambana. Munthu uja wa galimoto ya mapaundi 9,000 angapeze 200 yokha kudzera mu chargeback. Komanso mwini khadi sali m'gulu la amene anasaina malamulowo, choncho sangasumire Visa kuti yawaphwanya. Chimene angachite ndi kudandaula kuti banki yake sinamuyendetsere bwino nkhaniyo.

Pali chinthu china chimene wogula sachiona. Wogulitsa akagwa, ndalama za chargeback zimalipiridwa ndi banki ya wogulitsayo. Pa chifukwa chimenechi mabanki olandirira amalonda ndalama amachita mantha ndi makampani amene amalandira malipiro lero n'kudzapereka ntchito pakapita miyezi, monga a ndege, ndipo akaona kuti kampani ikudzandira amayamba kusunga gawo la ndalama zake osaipatsa mpaka ulendo utachitika. Izi zimateteza banki ndi ogula, koma zimachepetsanso ndalama za kampaniyo pa nthawi imene ikuzifunitsitsa, moti chitetezo chomwecho chikhoza kufulumizitsa kugwa kwake.

Kodi amalipira ndani chitetezochi?

Ndalama zobwezera ogula sizichokera kumwamba. Pa malonda alionse a khadi wogulitsa amadulidwa kachigawo kena, ndipo mbali ya kachigawoko imapita ku banki imene inapereka khadi. Mu 2015 European Union inaika malire pa mbali imeneyi, 0.3 peresenti pa makhadi a ngongole ndi 0.2 peresenti pa a debit, pamene ku United States ndalama zodulidwa pa makhadi a ngongole n'zokwera kwambiri kuposa pamenepo. Mabanki amapezanso ndalama pa chiwongoladzanja cha amene samaliza ngongole pakutha pa mwezi. Amalonda amaika ndalama zimene amadulidwazo pa mitengo ya katundu, kotero kuti ngakhale wolipira ndi ndalama za pamanja amasonkhako.

Maganizo pa nkhaniyi ndi osiyana. Mabanki amanena kuti si chilungamo kuwasenzetsa mlandu wa wogulitsa wa kutsidya la nyanja amene sanachitepo naye mgwirizano, makamaka pamene anangobwereketsa kachigawo kochepa ka mtengo. Amalonda, makamaka ang'onoang'ono, amadandaula ndi ogula osakhulupirika amene amalandira katundu kenako n'kunena kuti sanafike, pakuti pa chargeback iliyonse wamalonda amataya katundu, ndalama, ndiponso amalipiritsidwa chindapusa, ndipo madandaulo akachuluka akhoza kulandidwa mwayi wolandira makhadi. Oimira ogula amayankha kuti popanda chitetezo chimenechi anthu sakanalimba mtima kulipira munthu amene sanamuonepo pa katundu amene sanamugwire, ndipo kuti malonda a pa intaneti, amene mabanki ndi amalonda omwewo amapindula nawo, anakula chifukwa cha kulimba mtima kumeneko. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo mu 2022 boma la Britain linalengeza kuti likonzanso lamulo la 1974 kuti ligwirizane ndi njira zatsopano zobwereketsira ndalama.

Wofuna kubwezeredwa ndalama ayambira pati?

Choyamba ndi kudziwa kuti lamulo limene limateteza munthu ndi la dziko limene mgwirizano wa khadi lake unapangidwa. Wogula kwa wamalonda wa ku London ndi khadi loperekedwa m'dziko lina satetezedwa ndi gawo 75, pamene mwini khadi la ku Britain amatetezedwa ngakhale atagula ku Johannesburg kapena ku Dubai. Kumene kulibe lamulo lomanga banki ndi wogulitsa pamodzi, munthu amadalira chargeback, mgwirizano umene anasaina ndi banki yake, ndi malamulo wamba oteteza ogula.

Umboni ndi umene umagamula milandu yambiri yotereyi: lisiti, kalata yotsimikizira malonda, chithunzi cha zimene wogulitsa analemba pofotokoza katunduyo asanazisinthe, makalata onse okambirana, ndipo pa katundu wowonongeka lipoti la katswiri woima payekha. Polembera banki n'kofunika kutchula njira imene munthu akufuna, chifukwa dandaulo limene lakanidwa pa chargeback kaamba kakuti masiku 120 adutsa likhoza kukhala lamoyo pansi pa gawo 75, ndipo wogwira ntchito ku banki sangakumbutse zimenezi nthawi zonse. Ku Britain banki imapatsidwa milungu isanu ndi itatu kuti ipereke yankho lomaliza pa dandaulo, ndipo wosakhutira ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yotengera nkhaniyo ku Financial Ombudsman Service, bungwe lokhala pakati limene sililipiritsa wodandaula. Ku United States madandaulo okhudza makhadi amalandiridwa ndi Consumer Financial Protection Bureau, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2010.

Kusiya kulipira ngongole pamene mkangano uli mkati kumafuna kusamala. Lamulo la ku America limalola zimenezi pa ndalama zotsutsidwazo zokha, ndipo zotsala zonse ziyenera kulipiridwa pa nthawi yake. Ku Britain munthu amene wangosiya kulipira akhoza kulembedwa ngati wolephera kubweza ngongole, ndipo kuchotsa dzina m'kaundula wotere n'kovuta. Bambo wina amene anagula kompyuta pa ngongole ku Aberdeen, ku Scotland, mu 1998, n'kuibweza tsiku lotsatira chifukwa inalibe chipangizo chimene ankafuna, anakana kulipira ngongoleyo ndipo wobwereketsa anamulembetsa m'kaundula wa olephera kubweza. Bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain, Supreme Court, linagamula mu 2014 kuti bamboyo anali ndi ufulu wothetsa ngongoleyo pamene malonda anathetsedwa, ndipo anapatsidwa mapaundi 8,000, patadutsa zaka zoposa 15 chigulireni kompyutayo.